Nkhumba zam'tchire ndi a coyote: mmene alenje a ku America amasankhira chipolopolo

Amene amaonera mavidiyo a alenje a ku Texas anaonapo chinthu chozunguza mutu. Muvidiyo ina chinkhumba chachikulu chikugwa pomwepo ndi kamfuti ka .223, osaphiriphitha n'komwe. Muvidiyo ina nkhumba yocheperapo yawomberedwa ndi .308, mfuti yamphamvu kuwirikiza kawiri, koma yadzambatuka n'kulowa m'thengo, osapezekanso. Mkangano umayambira pamenepo. Ena amati .223 ndi yokwanira, ena amati kuwombera nkhumba ndi mfuti yotere n'kuzunza nyama. Onsewa maso awo ali pa nambala yolembedwa pa mfuti, pomwe chimene chagwira ntchito kapena kulephera ndi kanthu kolemera magalamu 4 kapena 10 kamene katuluka kumpope: mmene anakapangira, liwiro limene kafikira, ndi malo amene kalowera.

Nkhaniyi ndi ya ku America, komwe nkhumba zam'tchire ndi coyote, nyama yonga nkhandwe, zimasakidwa kwambiri ndipo malamulo a zigawo zambiri amalola. Kuno kwathu mfuti ndi zipolopolo zimafuna chiphaso, ndipo nyama zakutchire zili ndi malamulo akeake, choncho zimene zikuchitika ku Texas si chilolezo cha ku Kasungu.

Matupi awiri osiyana

Nkhumba zam'tchire za ku America si nguluwe kapena njiri zathu. Ndi zidzukulu za nkhumba zoweta zimene anabwera nazo anthu a ku Spain m'zaka za m'ma 1500, monga gulu la Hernando de Soto limene linafika ku Florida mu 1539. Pambuyo pake zinasakanikirana ndi nkhumba zolusa za ku Europe zimene anthu anaitanitsa kuti azisaka. Unduna wa zaulimi wa dzikolo, USDA, umati zilipo zoposa 6 miliyoni m'zigawo zosachepera 35, ndipo zimawonongetsa pafupifupi madola 2.5 biliyoni pachaka. Zimaswana ngati nkhumba za m'khola, bere la miyezi 3, milungu 3 ndi masiku 3. N'chifukwa chake mu 2019 chigawo cha Texas chinachotsa lamulo lofuna chiphaso cha ulenje kwa munthu wopha nkhumbazi pamalo a mwini, bola mwini malowo avomere.

Zambiri zimalemera pakati pa makilogalamu 35 ndi 110, ngakhale zina zimapitirira kwambiri. Yaimuna ikakula imapanga chishango, chikhungu cholimba chokhuthala chimene chimaphimba mapewa ndi mbali ya nthiti kuti isavulale pomenyana ndi zinzake. Pa yaimuna yokalamba chishangochi chimatha kufika masentimita 3 mpaka 5. Pamwamba pake pali ubweya wokhakhala ndi matope ouma, chifukwa nkhumba siisiyana ndi thope, ndipo pansi pake pali mafuta, mnofu ndi fupa la phewa. Mtima ndi mapapo zili mmunsi ndiponso kutsogolo, pakati pa mapewa awiriwo.

Coyote ndi m'bale wa galu, ndipo mukamuona mungati ndi nkhandwe yonenepa. Amalemera makilogalamu 9 mpaka 23, a kum'mawa kwa dzikolo ndiwo okulirapo. Khungu lake ndi lopyapyala, nthiti zake ndi zosalimba, chifuwa chake ndi chopapatiza. Nyengo yozizira ubweya umamukulitsa, koma malo oti chipolopolo chimuphe msanga ndi ocheperako kuposa chikhatho chotambasula. Amagwira ana a nkhosa, mbuzi ndi ana a ng'ombe, ndipo ndi wochenjera moti kawirikawiri amaima patali, mamita 150 kapena 300.

Ndiye nkhumba imafuna chipolopolo chodutsa khoma chisanayambe ntchito, pamene coyote amafuna chipolopolo chimene chimalize ntchito yake m'masentimita ochepa chisanatulukire mbali ina.

Mawu oyenera kuwamva kaye

Pa Chichewa timati chipolopolo ku chinthu chonse cholowetsa mumfuti. Odziwa mfuti amachitcha cartridge, ndipo ili ndi zigawo zinayi: chikhokhombe, onga, kachitsulo koyatsira onga kamene kali kutsinde, ndi mutu umene umauluka. Muno tikati chipolopolo tikunena mutu woulukawo.

Manambala ngati .223, .243 ndi .308 amasonyeza kukula kwa chipolopolo m'mimba mwake poyeza m'mainchi, ngakhale dzina silifanana ndendende ndi muyezo nthawi zonse. Kulemera amakuyeza ndi muyezo wotchedwa grain, ndipo grain imodzi ndi magalamu 0.0648. Choncho chipolopolo cha ma grain 55 ndi magalamu 3.6, cha 150 ndi magalamu 9.7. Cartridge imodzimodziyo, monga .308 Winchester, imagulitsidwa ndi mitu yosiyana kwambiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

Kufutukuka ndi kuboola

Ponyani chibuluma cha dothi pakhoma la njerwa: mphamvu yonse ithera pamwamba, chibulumacho n'kumwazika. Khomani msomali pakhoma lomwelo: ulowa mkati koma bowo lake ndi laling'ono. Chipolopolo chosakira chili pakati pa ziwirizi. Chikagunda nyama nsonga yake imafutukuka ngati bowa, n'kukula mwina kuwirikiza kamodzi ndi theka kapena kawiri, ndipo bala limakula. Koma chikafutukuka kwambiri chimakumana ndi mnofu wambiri woti chikankhe, ndipo chikataya tizidutswa chimapepuka, n'kuima msanga. Opanga zipolopolo amalimbana ndi funso limodzi ili: chifutukuke msanga bwanji, ndipo chitsale cholemera bwanji.

Pali nambala ina yothandiza, yotchedwa sectional density, imene imayerekeza kulemera kwa chipolopolo ndi kunenepa kwake. Chachitali cholemera pa kunenepa komweko chimakhala ndi nambala yokwera ndipo chimalowa patali, monga mmene mkondo umaposera mwala wolemera mofanana nawo. Cha .224 cha ma grain 55 chili pa 0.157, cha .243 cha ma grain 100 chili pa 0.242, cha .308 cha ma grain 165 chili pa 0.248, pamene cha mamilimita 6.5 cha ma grain 140 chili pa 0.287. Koma nambalayi ndi ya chipolopolo chisanagunde. Chikasweka pa fupa, nambalayo yatha ntchito.

N'chimodzimodzi ndi mphamvu yolembedwa pabokosi. Cartridge ya .223 ya ma grain 55 imatuluka ndi ma joule pafupifupi 1,740, ya .308 ya ma grain 150 pafupifupi 3,600. Mphamvu imene yathera m'matope ndi m'chishango, kapena yapita kukagunda mtengo kuseri kwa nyama, siinaphe kanthu.

Mitundu ya zipolopolo

Zophwasuka msanga ndi zimene anapangira tinyama ting'onoting'ono. Zili ndi chikuto cha mkuwa chopyapyala kwambiri, mtovu wofewa mkati, ndipo zambiri zili ndi nsonga ya pulasitiki imene imakankhidwira mkati pogunda n'kung'amba chikutocho. Hornady V-Max, Nosler Ballistic Tip Varmint ndi Sierra BlitzKing zili m'gulu limeneli. Zimanyenyeka zikangolowa masentimita ochepa. Pa coyote zimenezi n'zabwino kwambiri. Paphewa la nkhumba yaimuna zimasiya chibala chotakasuka koma chosazama, nkhumba n'kuthawa ndi bala loti liivutitse masiku ambiri.

Zachikale za nsonga ya mtovu, monga Remington Core-Lokt imene inayamba mu 1939, Winchester Power-Point ndi Hornady InterLock, ndi chikuto chokhuthalirapo chokhala ndi mtovu wongopanikizidwamo. Ndi zotsika mtengo ndipo zapha nkhumba zosawerengeka. Vuto lake limabwera zikagunda fupa pafupi, liwiro lidakali lalikulu: mtovu umatha kuvuuka m'chikuto ngati nthochi m'khoko, zigawo ziwirizo n'kuima msanga. Mankhwala ake ndi kusankha cholemerapo, monga cha ma grain 165 kapena 180 mu .308, chifukwa chimachoka pang'onopang'ono ndipo chimakhala ndi mtovu wotsala wokwanira.

Zomatidwa ndi zimene mtovu anaumata ku chikuto kuti ziwirizi zisalekane. Nosler AccuBond, Swift Scirocco, Federal Fusion ndi Speer Gold Dot ndi zina mwa izo. Zimafutukuka bwino n'kusunga gawo lalikulu la kulemera kwake ngakhale zitaswa fupa. Mwa zimenezi Fusion ndi yotsikirapo mtengo, ndipo zimenezi zili ndi phindu kwa munthu amene amawombera kambiri usiku umodzi.

Nosler Partition ili ndi mbiri yogwirizana ndi nkhani yathu. Mu 1946 John Nosler anawombera chinyama chachikulu chotchedwa moose ku British Columbia m'dziko la Canada, chikopa chake chili ndi matope, ndipo zipolopolo zake zinasweka osalowa mokwanira. Pofika 1948 anali atayamba kugulitsa chipolopolo chokhala ndi khoma la mkuwa pakati, mtovu uli zipinda ziwiri. Chipinda chakutsogolo chimafutukuka msanga n'kutaya tizidutswa, chakumbuyo chimatsala chathunthu n'kumapitirira. Pa mitundu yonse, uwu ndi umene umayandikira kwambiri kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi.

Za mkuwa wokhawokha zilibe mtovu. Kampani ya Barnes ndi imene inazitchukitsa kuyambira mu 1989, ndipo lero kuli Barnes TSX ndi TTSX, Hornady CX ndi Nosler E-Tip. Nsonga yake ili ndi dzenje, ndipo ikagunda imang'ambika n'kupindikira kumbuyo ngati duwa. Zimasunga pafupifupi kulemera konse, zimaswa mafupa, ndipo kawirikawiri zimatulukira mbali ina. Bala lake ndi lopapatizirapo kuposa la mtovu koma lalitali. Popeza mkuwa ndi wopepuka kuposa mtovu, magalamu 8.96 poyerekeza ndi 11.3 pa muyezo womwewo, chipolopolo cha mkuwa chimakhala chachitali kuposa cha mtovu cholemera mofanana, ndipo zimenezi zili ndi zotsatira zake kumpope.

Mitundu iwiri ndi yosayenera ngakhale imapezeka paliponse. Za FMJ, zokutidwa mpaka kunsonga monga za asilikali, sizifutukuka. Zimangoboola ngati singano, zimanjanja zikagunda mwala, ndipo zigawo zambiri zimaziletsa posaka nyama zikuluzikulu. Zopangira mipikisano ya chandamale, monga Sierra MatchKing, zimalunjika bwino kwambiri koma zochita zake m'thupi la nyama sizidziwika: lero zinyenyeka, mawa zidutsa osafutukuka. Pali alenje amene amazitama, koma kampani yake yomwe siizilimbikitsa posaka nyama zikuluzikulu.

Liwiro lofikira, osati lochokera

Chipolopolo chilichonse chili ndi malire awiri. Chikafika mothamanga kwambiri chimasweka, chikafika chitafooka sichifutukuka. Nosler amati Partition ndi AccuBond zimafuna mamita osachepera 550 pa sekondi pogunda. Za mkuwa zambiri zimayamba kutseguka cha pomwepo, koma alenje ozolowera amakonda zifike pa 610 kapena kuposa kuti duwa lija litseguke lonse.

Liwiro lolembedwa pabokosi nthawi zambiri amaliyeza ndi mpope wa mainchi 24. Mfuti zambiri zosakira nkhumba usiku zili ndi mpope wa mainchi 16, ndipo inchi iliyonse yochotsedwa imadya mamita 6 mpaka 10 pa sekondi. Tengani chipolopolo cha mkuwa cha ma grain 62 mu .223 ya mpope waufupi: chimachoka cha m'ma 870 kapena 880, ndipo pofika mamita 250 mpaka 300 chatsikira kale pa 610. Malire a mtunda wa mlenje ameneyo ndi amenewo, ngakhale atakhala katswiri wolasa. N'chifukwa chake ogwiritsa mkuwa amatsika kulemera kuti apeze liwiro, mwachitsanzo kutenga cha ma grain 130 kapena 150 mu .308 mmalo mwa 180.

Cartridge ya .300 Blackout ndi imene imapusitsa ambiri. Chipolopolo chake n'chonenepa ngati cha .308, koma cha ma grain 110 chimachoka pa mamita pafupifupi 715 pa sekondi basi. Mutu wolimba umene anaupangira liwiro la .308 sufutukuka bwino pamenepa. Zolemera ma grain 220, zoyenda pang'onopang'ono kuposa liwiro la phokoso kuti mfuti isamveke kwambiri, zambiri ndi za chandamale ndipo zimangoboola. Pali zina zopangidwira liwiro lotsikali, monga Hornady Sub-X, koma nazonso n'zapafupi ndiponso za munthu wolasa ndendende.

Nguli ya mumpope

Mkati mwa mpope muli timizere topotana timene timazunguza chipolopolo ngati nguli. Nguli ikamazungulira mwamphamvu imaima chilili, ikafooka imayamba kupepesuka. Kapotedwe kameneka amakalemba ngati 1:12, kutanthauza kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mainchi 12 aliwonse. Chachitali chimafuna kuzungulira mofulumira.

Mu .223, mpope wa 1:12 umakwanitsa za mtovu mpaka cha m'ma grain 55, wa 1:9 mpaka cha m'ma 69, wa 1:8 kapena 1:7 mpaka 77. Za mkuwa, poti n'zazitali, zimafuna zambiri: Barnes TSX ya ma grain 62 imafuna 1:9, ya 70 imafuna 1:8. Mfuti zambiri zakale za .22-250 Remington zili ndi 1:14, choncho ngakhale zili ndi liwiro loposa .223, sizingathe kuyendetsa zipolopolo zazitali zoyenera nkhumba. Chizindikiro chake chimaoneka papepala la chandamale: bowo limakhala lotalika mmalo mokhala lozungulira, chifukwa chipolopolo chafika chopingasa.

Posankhira nkhumba

Amene ali ndi .308 Winchester kapena .30-06 salakwitsa ndi chomatidwa kapena Partition cha ma grain 150 mpaka 165, cha mkuwa cha 130 mpaka 150, kapena chachikale cha 165 mpaka 180. Mu 6.5 Creedmoor, za mtovu za ma grain 129 mpaka 143 kapena za mkuwa za 120 zimalowa patali. Cartridge ya 6.5 Grendel, ya ma grain 120 mpaka 123, ndi yotchuka kwa osaka usiku chifukwa siikankha phewa kwambiri, ndipo munthu amatha kuwomberanso msanga gulu likamabalalika. Mu .243 Winchester pamafunika cha ma grain 95 mpaka 100, kapena cha mkuwa cha 80 mpaka 85. Yakale ija ya .30-30, imene inayamba mu 1895, idakali yabwino m'nkhalango zowirira mkati mwa mamita 150, bola nsonga ikhale yaphwatalala kapena yofewa, chifukwa ma cartridge amandondozana mu paipi yosungiramo ya pansi pa mpope ndipo nsonga yosongoka ingayatse yakutsogolo.

Nanga .223 ija? Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Ndi chipolopolo cha mkuwa kapena chomatidwa cha ma grain 62 mpaka 70, pamtunda wosapitirira mamita 150, nkhumba itaima chopingasa, imapha bwino, ndipo zikwi za nkhumba zafa motero. Koma siikhululuka. Nkhumba ikatembenuka pang'ono, kapena ikakhala chimphona, mpata wolakwitsa umakhala wochepa kuposa wa .308, ndipo bowo lake laling'ono silisiya magazi ambiri olondola.

Nkhani ya magaziyi ndi yaikulu. Mafuta ndi chikopa cha nkhumba zimatseka bowo lolowera, ubweya ndi matope n'kumwa magazi otsalawo. Nkhumba yolasidwa bwino m'mapapo imatha kuthamanga mamita 50 kapena kuposa, ndipo usiku m'zitsamba zaminga mamita amenewo ndi ambiri. Bowo lotulukira ndi limene limadonthetsa magazi, n'chifukwa chake alenje a nkhumba amakonda chipolopolo chodutsa.

Malo olasa ndi amene amagwetsa ozolowera agwape. Pa gwape amalunjika kuseri kwa phewa. Mukatero pa nkhumba, chipolopolo chimapita kuchiwindi kapena m'matumbo. Pa nkhumba yoima chopingasa, tsatirani mwendo wakutsogolo kukwera mmwamba, n'kuima pa gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera mmunsi. Ikakhala yopendekera kutsogolo kwake kutali ndi inu, lunjikani ngati mukufuna kuswa phewa la mbali inayo. Kulasa patsinde pa khutu kumagwetsa pomwepo ndipo n'kumene kumaoneka m'mavidiyo a .223 aja, koma ubongo ndi waung'ono ndipo mutu wa nkhumba yodya sukhazikika. Kuphonya masentimita ochepa kumaswa nsagwada, nyama n'kukafa ndi njala patapita masiku. Ngakhale nyama yowononga mbewu siiyenera imfa yotere.

Posankhira coyote

Funso loyamba ndi lakuti chikopa chikufunika kapena ayi. Zikopa za nyengo yozizira zimagulitsidwa, ngakhale msika unagwa kampani ya majekete ya Canada Goose italengeza mu 2021 kuti isiya ubweya wa nyama. Wofuna chikopa amafuna bowo limodzi laling'ono, chipolopolo chinyenyekere m'chifuwa osatuluka. Amatenga zophwasuka msanga: ma grain 50 mpaka 55 mu .223, imene imachoka pa mamita pafupifupi 990 pa sekondi, kapena mu .22-250, imene imafika cha m'ma 1,120. Mu .204 Ruger, za ma grain 35 mpaka 40 zimadalirika kuposa za 32.

Zimene zimalakwika ndi ziwiri. Chopepuka kwambiri, monga cha ma grain 40 pa liwiro la .22-250, chikagunda fupa la phewa pafupi chimaphulikira pakhungu, n'kusiya bala lalikulu ngati mbale koma mapapo osakhudzidwa. Kumbali ina, cholimba kwambiri chimadutsa chifuwa chopapatizacho chisanafutukuke, coyote n'kuzungulira kawiri kudziluma pabala, n'kuthawa kukafera kutali.

Woweta nkhosa alibe nazo ntchito za chikopa, amangofuna kuti coyote agwe. Kwa iye .243 ya ma grain 58 mpaka 87 imathandiza kwambiri, makamaka chifukwa cha mphepo. Chipolopolo cha .223 cha ma grain 55, galasi loonera patali litatchunidwa pa mamita 183, chimatsika pafupifupi masentimita 18 pofika mamita 274. Kutsikako n'kosavuta kukuwerengera chifukwa sikusintha. Koma mphepo yopingasa ya makilomita 16 pa ola imachikankhira pambali masentimita oposa 25 pamtunda womwewo, kuposa kukula kwa malo olasa aja. Nambala ya BC yolembedwa pabokosi imasonyeza mmene chipolopolo chimang'ambira mpweya, ndipo ikakwera mphepo siichisokoneza kwambiri. Pa nkhumba ya pamamita 70 nambalayi ilibe ntchito, pa coyote wa m'chidikha cha m'chigawo cha Wyoming ndi yofunika.

Chimodzi cha zonse ziwiri

Usiku umodzi m'munda umodzi zonse ziwiri zimatha kutulukira, ndipo palibe nthawi yosinthira. Posankha chimodzi, alenje ambiri amasankhira nkhumba, ndipo chifukwa chake n'chomveka: chipolopolo cha nkhumba chikalakwitsa pa coyote chimawononga chikopa, pamene cha coyote chikalakwitsa pa nkhumba chimasiya nyama yovulala ndi yolusa. Zoyenera pakatikati ndi zimene zimatseguka msanga koma tsinde n'kutsala: Partition, Fusion, Gold Dot, kapena zofewerapo ngati Hornady SST mu 6.5 Grendel. Ogwiritsa cha mkuwa amalunjika paphewa la coyote kuti fupa lithandize kuchitsegula.

Kunyamula mitundu iwiri kumatheka, koma zipolopolo zosiyana kulemera sizigunda malo amodzi. Kusiyana kwa masentimita 5 kapena kuposa pa mamita 91 si kwachilendo.

Mtovu kapena mkuwa

Kuyambira pa 1 July 2019, chigawo cha California chimaletsa zipolopolo za mtovu pa ulenje uliwonse. Chimene chinayambitsa lamuloli ndi mbalame yosowa ya mtundu wa miimba yotchedwa condor, imene imadwala ikadya mitembo yokhala ndi tizidutswa ta mtovu. Kafukufuku wa nthambi ya zachilengedwe ya ku Minnesota mu 2008 anapeza tizidutswa totere mpaka masentimita 45 kuchokera pabala. Popeza mitembo ya a coyote ndi nkhumba zambiri imasiyidwa kutchire, nkhaniyi imakhudza ulenje umenewu mwachindunji. Okonda mtovu amayankha kuti mkuwa ndi wodula, umafuna liwiro ndi mpope woyenera, ndipo poti umadutsa, ndi woopsa pafupi ndi ziweto ndi nyumba. Zonsezi ndi zoona, ndipo kunja kwa malo amene lamulo lanena, mlenje amasankha yekha.

Palinso mkangano wakuti kodi mfuti imachepetsadi nyamazi. Akatswiri a ku Texas amati pamafunika kuchotsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nkhumba chaka chilichonse kuti chiwerengero chingoima. Chigawo cha Missouri chinaletsa kusaka nkhumba m'malo a nthambi yake yoteteza zachilengedwe mu 2016, ponena kuti kuwombera kumabalalitsa magulu amene akanagwidwa onse m'khola la msampha. Texas inatenga njira ina.

Kuyesa musanapite kutchire

Mfuti iliyonse ili ndi zimene imakonda. Gulani mitundu iwiri kapena itatu, muwombere kasanukasanu pa mamita 91 mfuti itatsamira pokhazikika, mukudikira mpope uzizire. Mabowo akaunjikana mkati mwa masentimita 4, n'zokwanira nkhumba. Coyote wapatali amafuna masentimita 2.5 kapena kucheperapo. Kenako yesani pamtunda weniweni umene mudzawomberepo. Ena amandandalika zigubu zamadzi kapena mulu wa nyuzipepala zonyowa pamalo ovomerezeka oyeserera, n'kutola chipolopolo kuti aone mmene chafutukukira ndi kuchiyeza pasikelo.

Zolakwa ziwiri zimavulaza mwini mfuti. Cartridge ya 5.56 NATO imalowa mumfuti yolembedwa .223 Remington, koma imatha kukweza mphamvu ya onga kuposa muyezo. Choopsa kwambiri ndi .300 Blackout, imene imatha kulowa mumfuti ya .223, chipolopolo chonenepacho n'kutsamwa mumpope, mfuti n'kuphulika m'manja. Amene ali ndi mfuti zonse ziwiri amalemba kapena kumata tepi ya mtundu pa magazini iliyonse, kabokosi kosungiramo ma cartridge pamfuti.

Usiku, pa makina oona kutentha kwa thupi, mwana wa ng'ombe wogona amaoneka ngati nkhumba, galu wa mnansi amaoneka ngati coyote. Musanakhethemule, dziwani chimene mukuona ndi chimene chili kuseri kwake, makamaka ndi chipolopolo chodutsa.

Nkhumba ikagwa, muiyandikire chakumbuyo mfuti ili yokonzeka. Posenda valani magolovesi, chifukwa nkhumbazi zimanyamula matenda a brucellosis amene amalowa kudzera m'zilonda, ndipo agalu asapatsidwe nyama yaiwisi chifukwa cha matenda a pseudorabies amene amawapha. Ngati chipolopolo chinali cha mtovu, dulani ndi kutaya mnofu wambiri kuzungulira bala, ndipo nyama yotsalayo ipse mpaka mkati mwake mufike madigiri 71 a Celsius.